Masilaidi 23 aja ndinawadula mpaka 7

Lachinayi lapitali ndinapanga pulezenteshoni yanga yachiwiri pa kozi ya mbiri ndipo mpaka pano mtima ukadali m'malo, ndiye ndati ndilembe zomwe zasintha chifukwa ndikudziwa kuti ambirife ku koleji timavutika ndi zomwezi.

Ulendo woyamba mu Marichi ndinabwera ndi masilaidi 23 pa mphindi 10 basi. Ndinangokopera asayimenti yonse n'kuiponya mu PowerPoint, fonti ya 14, mawu thoo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nditaima kutsogolo ndinafulatira kalasi n'kuyamba kuwerenga pakhoma, akumbuyo samaona kanthu, ena anali pa foni, nthawi inatha ndili pa silaidi ya 12. Alekichala anangofunsa kuti ngati zonse zalembedwa pakhomapo, ine ndaimiranji. Mawu amenewo anandizungulira m'mutu njira yonse mu kombi mpaka kwathu ku Dzivarasekwa, mu Harare.

Ulendo uno mutu ndinasankha ndekha, nkhani ya anthu a ku Nyasaland omwe ankabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi kuno ku Zimbabwe, makamaka nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963. Ndi nkhani ya pakhomo pathu imeneyi, malemu agogo aamuna anachokera ku Dedza ndipo sanabwererenso. Komabe nditatsegula laputopu dzanja linayambanso zakale zomwe, kudzadza mawu.

Usiku wina magetsi atazima ndinati ndiyeserere pamaso pa agogo aakazi batire lisanathe. Anakhala pa mphasa ndi kandulo pambali, ine ndikuwerenga pa sikirini, sindinafike ngakhale pakati anandidula, amvekere "Mdzukulu wanga, ukuyankhula ndi kabokosi kakoko kapena ndi ine?" Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kachitini ka mabisiketi, m'katimo munali chitupa cha agogo aamuna, pepala lofiirira lopindika panayi, m'mphepete mutadyeka, ndi chidindo cha chala chachikulu chikuonekabe. Anachiyika pa bondo langa n'kuyamba kufotokoza mmene amuna awo anayendera kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, mpaka kufika ku Salisbury, Harare ya lero. Sanawerenge paliponse agogowo, amangondiyang'ana m'maso n'kumaloza pepalalo pomwe pakufunika, ndipo ine sindinaphethire.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti silaidi ntchito yake ndi ya chitupa chija. Ikhale ndi chinthu chomwe pakamwa singathe kuonetsa, chithunzi, mapu, chaka, zina zonse zituluke mwa iwe mwini.

Mawa lake ndinafufuta pafupifupi zonse. Pali lamulo la Guy Kawasaki lotchedwa 10/20/30, masilaidi 10, mphindi 20, fonti isachepere 30, analipangira a bizinesi koma za fontizo ndinazitenga momwemo, chifukwa ukaika 30 malo amatha msanga ndiye umakakamizika kusankha mawu. Mutu wa silaidi iliyonse ndinaulemba ngati chiganizo chathunthu choti munthu akangowerenga chokhacho wamva mfundo. Silaidi ina inali mapu okha ndi mzere wofiira kuchoka ku Dedza mpaka ku Salisbury. Ina chithunzi cha chitupa, ndinabisa dzina ndi nambala. Ina inali ndi liwu limodzi lokha pakati, machona, sindinalimasulire pa sikirini dala kuti ndilifotokoze ndekha pakamwa, kuti ndi anthu omwe anapita kukagwira ntchito kutali osabwereranso kumudzi.

Zinazi ndi zazing'ono koma zinandipulumutsa. Zilembo zakuda pa silaidi yoyera chifukwa kalasi yathu ilibe makatani ndipo dzuwa limapha mitundu yotuwa. Manotsi ndinawaika mu Presenter View kuti azioneka kwa ine ndekha. Ndinasunga fayilo ngati PDF pa fulashi komanso kudzitumizira pa WhatsApp, ndi makope awiri a papepala kuopa magetsi. Pulojekita yathu ndi ya VGA pomwe laputopu yanga ndi ya HDMI, polowetsa chingwe ndi posiyana, ndiye ndinabwereka adaputa dzulo lake osadikira m'mawa. Ndinayeserera katatu ndi wotchi ya pa foni mpaka inakwana mphindi 9.

Chomwe ndinachikonda kwambiri ndi batani la B. Mu PowerPoint ukalidina sikirini imada bii, ukadinanso imabwerera. Nditafika pa ulendo wa agogo ndinadina B, maso onse anachoka pakhoma n'kubwera kwa ine, mawondo amanjenjemera ndithu koma ndinafotokoza mmene agogo anandifotokozera, pang'onopang'ono, ndipo m'kalasimo munali zii moti ndimamva fani ya pulojekita.

Pa mafunso wina anafunsa ngati ndife omwe timavina zvigure. Ndinati inde, ife timati gule wamkulu, ndipo UNESCO inauzindikira mu 2005, komanso Chichewa chili pa zilankhulo 16 zovomerezeka mu malamulo a dziko lino a 2013. Izi sizinali pa silaidi iliyonse, ndinangozidziwa chifukwa nthawi yomwe kale ndimataya pokongoletsa ndinaigwiritsa ntchito powerenga. Alekichala anati mapu anga analibe chonena komwe ndawatenga, ndipo akunena zoona, ulendo wina ndidzaika kamzere pansi pake.

Titatuluka mtsikana wina yemwe takhala naye kalasi imodzi chaka chonse ananditsatira pakhonde, anayankhula Chishona koma anati agogo ake anali a ku Ntcheu ndipo liwu la machona analimvapo kunyumba ali mwana. Tapangana kuti Loweruka abwera kwathu, agogo ati akonza nsima ya chigwada ndipo kachitini kaja akatulutsanso.