Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Timagulu ta Loweruka pa Chitakale

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinalowa kalabu ya ogwiritsa ntchito makompyuta ija pa Chitakale ku Mulanje, m'chaka cha 2010. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki wa sikelo, wolemba makilogalamu a masamba a tiyi omwe alimi ang'onoang'ono ankabweretsa. Kalabuyo inkakumana m'chipinda cha kuseri kwa sitolo ina, momwe munali makompyuta anayi akale a Pentium 4, onse a Windows XP, ndi mabenchi obwereka ku tchalitchi.

Miyezi yoyambirira tinkakumana tonse pamodzi, ndipo zinali chipwirikiti chokhachokha. Wina akufuna kudziwa kugwira mausi, wina akufunsa chomwe chapsereza kompyuta yake, anyamata ochokera ku Limbuli akukangana za nyimbo. Amayi ambiri ankangobwera kawiri n'kusiya. Tsiku lina wapampando wathu, mphunzitsi wopuma wa ku sekondale, anaimirira nati, "Abale anga, tikapitiriza chonchi titsala amuna asanu okhaokha. Aliyense anene chomwe chamubweretsa, tigawane." Ndiye tinagawanadi timagulu titatu, kalikonse ndi Loweruka lake, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi linali la tonse.

Kagulu ka okonza ndiko kanali ndi anthu ambiri. Kwathu kuno kompyuta ili ndi adani: fumbi la m'chilimwe, chinyontho cha chiperoni, mphenzi za m'dzinja, ndi magetsi amene akathima amabwerera ndi mphamvu n'kuwotcha zinthu. Kumeneko ndinaphunzira kuzula RAM, kachipangizo kosunga zomwe kompyuta ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, n'kupukuta mano ake ndi labala ya pensulo, komanso kuti kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi, vuto ndi kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kali mkati. Koma matenda aakulu anali a m'mafulashi. Munthu ankapita kukapulinta kalata ku Boma, pobwerako n'kupeza mafoda ake onse asanduka ma shortcut, tizizindikiro tongoloza kwina. Ambiri ankalira kuti ntchito yawo yafufutika, chonsecho inali vairasi yomwe inkangoibisa. Mnyamata wina wa ku Luchenza anatilembera pa khoma lamulo la attrib -h -r -s /s /d, lolemba pa kompyuta kuti zobisidwazo zionekenso, nationetsanso kafayilo ka autorun.inf komwe kankadzutsa vairasiyo fulashi ikangolowetsedwa. Anthu ochuluka anabwerera kwawo akumwetulira chifukwa cha mzere umodzi umenewo.

Kagulu ka Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, kanali ka anthu ochepa koma olongolola. Ankaitanitsa ma CD a Ubuntu, mtundu wina wa Linux, kudzera pa positi, aulere, omwe kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inkatumiza padziko lonse mpaka inasiya mu 2011. Ankanyadira kuti mavairasi a m'mafulashi aja sagwira pa Ubuntu, ndipo ankanena zoona. Nthawi yawo yambiri inkathera pa kulimbana ndi ma dongle, tizipangizo tolowetsamo simukhadi, kuti alumikize intaneti, m'masiku omwe Zain inkasintha dzina kukhala Airtel. Ine ndinapitako kangapo, koma mtima wanga sunali kumeneko.

Unali ku kagulu ka Excel, pulogalamu yowerengetsera manambala, kamene anyamata ankakatchula kuti ka nkhalamba. Munali asungichuma a mipingo, amayi a banki m'khonde, mwini chigayo mmodzi, alimi a tiyi awiri ndi ine. Wotiphunzitsa anali mayi wina wowerengera ndalama pa ofesi ina ku Boma, ndipo lamulo lake linali limodzi: aliyense abwere ndi kope lake lenileni. Zitsanzo za m'buku ankakana. "Achimwene, manambala opeka sapweteka munthu," anandiuza tsiku loyamba. "Bweretsani omwe akukusowetsani tulo."

Anga ankandisowetsadi tulo. Amene sanagwirepo ntchito ya sikelo sangadziwe mmene zimawawira kuonedwa ngati wakuba ndi anthu a m'mudzi mwako. Nyengo yothyola kwambiri, kuyambira Disembala mpaka Epulo, mlimi amabweretsa masamba pafupipafupi, ndipo pakutha pa mwezi amalandira ndalama atadulidwa ngongole ya feteleza ndi zina. Akaona kuti ndalamayo yachepa, woyamba kumukayikira ndi kalaliki. Mmodzi wa alimi awiri aja, bambo wachikulire wa kufupi ndi Muloza, ankandipatsa moni mosayang'ana kumaso ngakhale tinkakhala benchi imodzi.

Mayi uja anatikhazika tonse awiri pa kompyuta imodzi. Bamboyo ankawerenga timapepala take, ine ndikulowetsa: tsiku, makilogalamu, tsiku, makilogalamu. Mtengo wa kilogalamu tinauika m'kabokosi kamodzi pamwamba, n'kuukhoma ndi chizindikiro cha dola, $B$1, kuti fomula, lamulo lowerengetsera, ikamakokedwa kutsika isauthawe. Pansi tinaika SUM yowonkhetsa zonse, kenako tinachotsa ngongole ya feteleza. Bamboyo sanakhulupirire msanga. Anatulutsa pensulo n'kuwonkhetsa yekha pa chikuto cha kope, mwakachetechete, ife tikudikira. Zitafanana anati, "Mwana wanga, bwerezanso mwezi wa Febuluwale." Titabwereza tinapeza kuti tsiku limodzi lomwe linali pa kapepala kake silinalowe m'malipiro. Anapita nalo pepala lopulintalo ku ofesi, ndipo ndalama ya tsikulo inabwera mwezi wotsatira. Kuyambira pamenepo ankabwera ndi timapepala ta anzake a m'mudzi m'jumbo ya shuga, ndipo Loweruka lathu linkafika mpaka kumdima.

Amayi a banki m'khonde nawo anapindula. Tsiku logawana masheya, lomwe kale linkatha ndi kunyozana, msungichuma wawo ankangopulinta pepala loonetsa zomwe aliyense anasonkha, zomwe anakongola ndi chiwongoladzanja chake. Mu Meyi 2012, boma la mayi Joyce Banda litatsitsa mphamvu ya kwacha, mitengo inasintha paliponse. Mwini chigayo uja anabwera ali wefuwefu kuti tiyambirenso kuwerengera zonse. Mphunzitsi wathu anangomuuza kuti asinthe nambala ya m'kabokosi kamodzi kaja, ndipo tsamba lonse linadzikonza lokha iye akuona.

Ndikukhulupirira kuti kalabu ija ikanafa chaka choyamba chomwecho pakanapanda kugawana kumeneku, ndipo kagulu konyozeka kaja ndiko kankalipira lendi mokhulupirika kuposa tina tonse. Chakumapeto kwa 2012 mayi wotiphunzitsa uja anasamutsidwa kupita ku Thyolo, ndipo anthu anagwirizana kuti kope la kaguluko ndi makiyi a chipinda azisunga ndine. Patangopita masabata ochepa, akuluakulu a kuntchito kwanga anandiitana ku ofesi atamva kuti alimi akubwera ndi mapepala opulinta. Zomwe tinakambirana tsiku limenelo ndidzafotokoza m'gawo 10.