Bogi ya mchenga inabwera ndi chinyontho

Lolemba m'mawa ndinapeza bogi ya mchenga itaima kale pa njanji ya m'mbali, pafupi ndi nkhokwe ya depoti yathu. Bogi imeneyi ndi yotseka pamwamba, yosongoka kunsi, ndipo sinyamula china koma mchenga wouma, wosefa, wopanda dongo. Kuulandira ndi ntchito yanga. Ndimakwera pamwamba, n'kutsegula chivundikiro, n'kutapa wodzaza dzanja. Wabwino umapulumuka m'mipata ya zala. Wa tsikuli unaumbika m'manja ngati dothi la kudambo.

Ndinakana kuupopera m'nkhokwe. Akapitawo anati, "Achimwene, chinyontho chake n'chochepa, tiulowetse basi." Ine ndinati, "Pepani bwana, ukalowa umenewu tikhalira kutokosa mapaipi mwezi wathunthu." Anakhala chete pang'ono, kenaka anavomera.

Ambiri amadabwa kuti sitima ifuniranji mchenga. Wilo lachitsulo limakhudza njanji pa kamalo kochepa ngati kandalama kachitsulo. Pakagwa mame, mvula yowaza, masamba kapena mafuta, wilolo limangozungulira pamalo amodzi. Apo mpweya umauzira mchenga kuchokera m'bokosi la pa mutu wa sitima, kudzera m'kapaipi kotsikira kutsogolo kwa wilo, ndipo chitsulo chimagwira chinzake. Wonyowa umaundana m'kapaipimo, woyendetsa n'kumadina pachabe ali pakati pa chitunda ndi katundu wolemera kumbuyo. Pomanga mabuleki ndiye poopsa kwambiri. Wilo likakwakwalala osazungulira limaphwatalala mbali imodzi, ndipo sitima imakaima patali kuposa pomwe imayenera.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinathera pa ng'anjo, kuumitsa ndi kusefanso. Fumbi lake limawononga mapapo, choncho mnyamata wina watsopano pantchito ndinamubweza kawiri kuti akavale chotchinga pamphuno. Sindinamusekerere ayi.

Lachinayi ndinakweranso pa bogi ija itatsala yopanda kanthu. Labala wa chivundikiro chachitatu anali atang'aluka, mng'alu wake wosakwana chala. Mvula yonse ya m'njira inalowera pamenepo. Zinandiwawa, chifukwa bogi zimenezi sizilandira chisamaliro chomwe mitu ya sitima imalandira, chonsecho mitu yomweyo imadalira zimene bogizi zabweretsa. Tinaika labala wina.

Lachisanu tinadzaza mabokosi a mitu ya sitima inayi, n'kuyesa kapaipi kalikonse. Kamodzi kamakhuthula mopyola muyeso, ndipo tinakachepetsa, poti mchenga ukachuluka umatchinga magetsi pakati pa wilo ndi njanji, mwakuti oyang'anira masiginolo, omwe amadalira magetsiwo, sangaone kuti pamalopo pali sitima.

Madzulo ake madala ena oyendetsa anatsika n'kundigwira paphewa. "Mwana wanga, chitunda chija ndakwera mvula ikuwaza, osaterereka ngakhale kamodzi."

Bogi ija inanyamuka Loweruka. Nambala yake ndailemba m'buku, ndipo ikadzabweranso ndidzayambira kutsegula chivundikiro chachitatu.