Mmene Ndinasandukira Mfiti Pofuna Kuwongola Msana

Ndagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe kwa zaka 19, ndipo pa zaka zonsezi sindinakayikepo kuti ndine munthu woima bwino, mpaka pamene zithunzi za chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga zinafika pa gulu la WhatsApp la banja lathu. Pa chithunzi chimodzi panali bambo wina wovala suti yofanana ndi yanga, mutu uli patsogolo, mapewa atagwera m'kati, msana utapindika ngati chikwakwa, ndipo ndinayamba kumumvera chisoni ndisanazindikire kuti nsapato zimene anavala ndinagula ndine pa msika wa Limbe. Mayi anga, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzakhala nafe mpaka tsiku la ukwati, anayang'ana chithunzicho kwa nthawi yaitali kenaka anandifunsa modekha kuti, "Mwananga, kodi unataya chiyani pansipo, chimene wakhala ukuchifunafuna zaka zonsezi?"

Funsoli linandipweteka chifukwa mwini wake ali ndi zaka 74 koma amaima mowongoka ngati mtengo wa bulugamu. Iwo anakula akusenza ndowa ya malita 20 pankhata, ndipo madzi okwana malita 20 amalemera makilogalamu 20, katundu amene salola munthu kuweramitsa khosi ngakhale pang'ono. Ine ndinapita kusukulu kuti ndithawe ndowa, ndipo mphotho yake inali linunda. Choipa kwambiri chinali chakuti ine ndinali nkhoswe, ukwati unali utatsala masiku 10, ndipo pa ukwati nkhoswe imaimirira kutsogolo pamene aliyense ali ndi foni m'manja.

Lolemba lotsatira ndinapempha chilolezo kuntchito ndi kupita kuchipatala kukaonana ndi dokotala wa mafizo. Anali mtsikana wamng'ono, woti akanakhala mwana wanga, koma wolankhula ngati munthu amene waona misana yambiri. Anandiimika pakhoma n'kundiuza kuti zidendene, matako, mapewa ndi nkhongo zikhudze khomalo nthawi imodzi. Zitatu zoyambazo zinamvera, koma nkhongo inakana, ndipo pakati pa mutu wanga ndi khoma panalowa zala zake zinayi popanda kupanikizika. Anandifotokozera kuti mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo ukakhala molunjika pamwamba pa mafupa 7 a m'khosi, thupi silimva kulemera kwake. Koma munthu akaweramira foni mpaka chibwano kuyandikira pachifuwa, khosi limanyamula katundu wofika pafupifupi makilogalamu 27, kutanthauza kuposa theka la thumba la simenti. Anati kukhala pampando tsiku lonse kumafupikitsa ndi kuumitsa minofu ya pachifuwa ndi ya kutsogolo kwa chiuno, pamene minofu ya pakati pa mapewa, ya pamimba ndi ya m'matako imafooka chifukwa chosowa ntchito. Mankhwala ake, anatero, ndi kutambasula imene yauma ndi kulimbitsa imene yafooka, komanso kumadzuka pampando theka lililonse la ola.

Anandipatsa pepala lojambulidwa tianthu ta mizeremizere, tikuchita masewera asanu. Oyamba anali kubweza chibwano m'mbuyo, maso akuyang'ana kutsogolo, ngati munthu amene wamva fungo losamusangalatsa. Achiwiri anali kuima pakhomo, zigongono zitagwira mphuthu za chitseko mbali zonse, ndi kupendekera kutsogolo kwa masekondi 30 kuti chifuwa chitambasuke. Panalinso kutsamira khoma n'kumakweza ndi kutsitsa mikono osaichotsa pakhomapo, ndiponso kugona chagada, mawondo atapindidwa, n'kumakweza chiuno m'mwamba. Omaliza, amene anadzandibweretsera mbiri, anali kugwada pansi ndi manja ndi mawondo, n'kutambasula dzanja lamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo nthawi imodzi, kenaka kusinthanitsa. "Bambo, zonsezi muzichita maulendo 10 pa tsiku, osapitirira," anatero dokotalayo, "ndipo kusintha mudzayamba kukuona pakatha masabata 6 kapena 8. Mukamva kupweteka kolasa, muleke nthawi yomweyo."

Apa m'pamene ntchito yanga inandipweteka. Ndili m'minibasi yobwerera ku Chilomoni ndinayamba kuwerengera, monga ndimachitira ndi ngongole za kampani. Masabata 8 ndi masiku 56, ndipo maulendo 10 pa tsiku kwa masiku 56 ndi maulendo 560. Ine ndinali ndi masiku 8 okha ukwati usanafike, choncho ndinagawa 560 ndi 8 n'kupeza 70. Ndinaona kuti dokotala uja, ngakhale anali wophunzira bwino za thupi, masamu ankamuvuta, popeza ngongole imene ingabwezedwe m'miyezi iwiri ingathenso kubwezedwa m'sabata imodzi ngati wobwezayo ali ndi mtima. Ndinayambira m'minibasi momwemo kubweza chibwano, ndipo nditafika pa ulendo wa 40 mayi amene ndinakhala naye pampando anasuntha thumba lake la tomato n'kuuza kondakitala kuti atsegule windo chifukwa abambowa akufuna kusanza.

Kunyumba zinthu sizinayende bwino. Timakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, mumpanda umodzi ndi eni ake komanso mabanja ena atatu, ndipo pabalaza pathu, mukachotsa mipando, tebulo ndi mphasa imene mayi anga ankagonapo, sipatsala malo oti munthu wamkulu atambasule mwendo. Madzulo oyamba ndinayesa kugona chagada n'kukweza chiuno, koma ana anga anaseka mpaka wamng'ono anatsamwa ndi nsima, ndipo akazi anga anandipempha mwaulemu kuti ngati ndi gule watsopano, ndizikaphunzirira kumene ndinamuona. Munthu amene amalemekezedwa ku mpingo ngati msungichuma sangapirire zoterezi kawiri. Ndinaganiza zomachita masewera anga panja, nthawi ya 4 koloko mbandakucha, mumpanda monse muli zii.

Masiku awiri oyamba ndinakwanitsa maulendo 70 pa masewera aliwonse, ndipo ndinkapita kuntchito ndikudzitama mumtima. Chimene sindinkadziwa n'chakuti minofu imene yagwiritsidwa ntchito mopyola muyeso sidandaula tsiku lomwelo. Imadikira tsiku limodzi kapena awiri, ngati wobwereketsa katapila amene amakupatsa moni mwansangala lero podziwa kuti mawa abwera kudzanyamula wailesi. Pofika Lachinayi thupi lonse linali ngati landimenya gulu la anthu, ndipo kuti ndivale sokosi ndinkachita kukambirana kaye ndi chiuno. Munthu wanzeru akanapuma. Ine ndinadzola mafuta otentha aja ogula ku golosale, msana wonse mpaka m'khosi, n'kutuluka.

Unali mwezi wa Okutobala, usiku wotentha moti ndinangovala kabudula yekha, ndipo magetsi anali atazima, choncho kunali mdima wa ndiweyani. Malo osalala mumpandamo ndi amodzi okha, pafupi ndi khonde la eni nyumba. Ndinagwada pamenepo, osazindikira kuti pambali panga panali lichero limene mayi anga anayanikapo ufa dzulo lake n'kuiwala kulilowetsa, ndipo pogwadapo ndinagunda m'mphepete mwake, ufa wotsalira n'kundiwazikira m'mikono ndi pachifuwa, pomwe unakakamira bwino pa mafuta aja. Sindinalabadire. Ndinatambasula dzanja lamanja, limene mwatsoka linaloza chitseko cha alandilodi, ndinakweza mwendo wamanzere, n'kuyamba kuwerenga chapansipansi kuti ndisadzutse anthu.

Ndinali pa ulendo wa 53 pamene china chake chinandigwira m'munsi mwa msana ngati mbano. Minofu inakokana n'kuuma gwa, moti sindikanatha kutsitsa mwendo, kudzuka kapena kugona, ndipo mpweya wokhawo unkatuluka mobuula. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, ndipo mayi landilodi anatuluka ndi tochi ya pafoni kuti akayatse mbaula.

Ndimayesetsa kuwaweruza mwachilungamo mayiwa, ndipo ndikaganizira zimene anaona, sindiwapeza chifukwa. Pakhomo pawo, nthawi imene anthu abwino amakhala ali m'tulo, panali mwamuna wosavala malaya, thupi likunyezimira, mawangamawanga oyera ali mbuu, atagwada ngati galu, mwendo umodzi uli m'mwamba, dzanja likuloza kuchipinda kwawo, pakamwa pakutuluka mawu osamveka, ndipo pambali pake pali lichero. Mwana aliyense wobadwira m'dziko lino amadziwa zimene anthu amanena za lichero ndi maulendo a usiku. Anaponya mbaula pansi n'kukuwa ndi mawu amene ndikhulupirira anamveka mpaka kuphiri la Michiru: "Mayo ine! Mfiti! Mfiti yagwa pakhomo panga!"

Sipanathe mphindi zitatu mumpanda munadzaza anthu, ena atafunda zitenje, ena atanyamula mipini, ndipo onse anaima patali mozungulira, matochi ali pa ine. Ndinayesa kunena kuti, "Ndine bambo a Chisomo," koma ululu unadula mawuwo pakati, ndipo chimene chinamveka chinali kulira kwa mbuzi yomangidwa. Kudzutsa nkhope kuti andizindikire sikunatheke, popeza khosi linali litatopa ndi maulendo 70 a chibwano. Ndinamva mnyamata wina akufotokozera anzake motsimikiza kuti ndegeyo yachokera ku Mulanje ndipo yathera mafuta m'malere, wina n'kuyankha kuti n'zosadabwitsa chifukwa mafuta akusowa paliponse. Ndili chigwadire choncho ndinakumbukira kuti dziko lathu lili ndi lamulo la mu 1911 loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma ndinaona kuti imeneyo si nkhani yoyambitsa munthu uli m'kabudula, mwendo uli m'mwamba.

Amene anandipulumutsa ndi mayi anga. Anatuluka pang'onopang'ono, anadutsa pakati pa anthuwo ali chiwongokere monga mwa masiku onse, anatola lichero lawo n'kulikuntha, kenaka anawerama kundiyang'ana kumaso. "Mfiti yake iti?" anafunsa. "Uyu ndi mwana wanga. Uyu ngakhale njinga yakapalasa inamukanika, ndiye ndege angaithe?" Anthu ena anaseka, mipini inatsika, koma amfumu a m'dera lathu, amene anali atafika atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, ananena kuti nkhaniyo siingathe popanda umboni. Akazi anga anathamangira m'nyumba kukatenga pepala la kuchipatala lija. Amfumu analiunika ndi tochi, anaona tianthu ta mizeremizere tija, kena katagwada, kena katagona chagada, kena katatambasula mikono pakhoma, ndipo nkhope yawo inasintha. Anafunsa mwakachetechete kuti anthu asanu ojambulidwawa ndi ndani, ndipo awiri mwa iwo ali kale pansi chifukwa chiyani.

Zinatengera chidindo cha chipatala, chimene mwamwayi chinali pakona ya pepalalo, kuti mitima ikhale pansi. Amuna anayi anandinyamula mmene ndinalilimo, ngati tebulo losamutsidwa, n'kukandigoneka chammbali pamphasa ya mayi anga, pilo ali pakati pa mawondo. Telala wa nyumba yachitatu, amene poyamba anali patsogolo ndi mpini, anatsalira pakhomo n'kundinong'oneza kuti nayenso msana umamuvuta chifukwa cha makina, ndipo anapempha kuti ajambule pepalalo pafoni yake.

Dokotala wa mafizo uja atandiona Lachisanu, ndikuyenda ngati nkhalamba yopita kukalandira mtukula pakhomo, anandipima miyendo, anandifunsa ngati ikuchita dzanzi kapena ngati ndikuvutika potaya madzi, ndipo nditakana zonsezo anati ndi minofu chabe imene yakokana, ndipo imasuka pakapita masiku ochepa ndikamaithowa ndi nsalu yofunda ndi kumayendayenda pang'ono m'malo mongogona. Kenaka anafunsa kuti ndinkachita maulendo angati. Nditamuuza za 560 ndi 8 ndi 70, anaika cholembera pansi n'kuyang'ana kudenga kwa kanthawi. "Bambo," anatero, "mukapatsidwa mapiritsi a mwezi wathunthu, mumamwa onse Lolemba kuti muchire Lachiwiri?" Ndinayankha kuti ayi, ngakhale kunena zoona maganizo amenewo anandifikirapo kale.

Pa ukwati ndinaimirira kutsogolo monga nkhoswe, ndipo pa zithunzi zonse ndine wopindika kuposa mmene ndinalili pa chinkhoswe, kuwonjezera apo ndapendekera kumanzere. Nthawi ya perekaniperekani sindinavine. Ndinkangoponya ndalama m'lichero nditaima patali, ndipo anthu a ku Chilomoni amene analipo ankagwirana m'nthiti poona kuti ine ndi lichero takumananso.

Tsopano patha masabata 7 chiyambireninso masewerawa. Ndimachita maulendo 10, nthawi ya 6 koloko madzulo, pabalaza, makatani ali otsegula ndiponso nditavala malaya, ndipo telala uja amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kuti tichitire limodzi. Pakati pa nkhongo yanga ndi khoma tsopano pamalowa zala ziwiri zokha. Mayi landilodi tinakhululukirana, moni timapatsana bwinobwino, ndipo lendi sanakweze. Komabe ndaona kuti dzuwa likangolowa amazungulira mumpanda monse kutolera malichero n'kuwatsekera m'nyumba, ndipo ana a m'dera lathu ndikamadutsa popita kuntchito amaima m'mbali mwa msewu mwaulemu n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, a Payiloti?"