Kuyeza magazi a m'zala, zimene tikuphunzira nyengo yozizira ino ku Joni

Sabata ino tili pa Raynaud, matenda aja oti munthu ukazizidwa timitsempha ta m'zala timafinyika magazi osafikanso kunsonga, chala chimayera, kenako kubiriwira, magazi akamabwerera chimafiira n'kumawawa ngati wachiika pamakala. Dzinali ndi la dokotala wa ku France, Maurice Raynaud, amene anawafotokoza mu 1862. Matendawa amakonda kugwira azimayi, ndipo ambiri amangobwera okha popanda matenda ena, koma nthawi zina kumbuyo kwake kumakhala scleroderma (matenda oumitsa khungu) kapena lupus, onsewa ndi matenda oti chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo, apo ndiye povuta.

Chimene chandivutitsa mutu n'chakuti zithunzi za m'mabuku athu pafupifupi zonse ndi manja a azungu. Kuyera, kubiriwira, kufiira, chabwino, nanga pa khungu lathuli uziona bwanji? Umayenera kutembenuza dzanja uone kuchikhatho ndi pansi pa zikhadabo, apo ayi uphonya. Ndiye ine makina oyezera kuyenda kwa magazi otchedwa Laser Doppler ndayamba kuwapatsa ulemu abale.

Laser Doppler imagwira ntchito chonchi, kaprobu kakang'ono umamata pansonga ya chala mbali ya kuchikhatho, kamaunikira khungu kulowa mwina milimita 1 basi, kuwalako kukagunda maselo ofiira amene akuyenda kumabwerera kutasintha, kompyuta n'kujambula mzere wosonyeza mmene magazi akuyendera. Manambala ake si mamililita ayi, amangoti perfusion units, ndiye umafanizira munthu yemweyo asanazizidwe ndi atazizidwa. Dzanja amaliviika m'madzi ozizira, ena amaika pa 15°C kwa mphindi 1, kenako n'kudikira kuti mzere ukwera liti. Wabwinobwino umakwera msanga, wa Raynaud umangogona pansi kwa nthawi ndithu.

Koma kamakinaka n'kovuta mtima eti. Munthu akhale kaye m'chipinda chofunda mphindi 20 kapena kuposa, asakhale atamwa khofi kapena kusuta, akangosuntha chala, kupuma mwamphamvu, ngakhale kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, mzere wasokonekera kale. Tsono taganizani munthu wangotsika takisi mmawa wa July kuno kumene udzu umachita kuyera ndi chisanu, ukamuyeza pompo aliyense aoneka wodwala. N'chifukwa chake aphunzitsi akulimbikira kuti mzere wokha sukwanira, umufunse bwinobwino munthuyo, uonenso timitsempha ta m'mphepete mwa chikhadabo pa maikulosikopu, poti pamenepo ndi pamene scleroderma imadziulula.

Gawo lina landikhudza ndi la makina onjenjemera, jekihamala, madrilo a mumgodi, magirayinda. Kugwira zimenezi zaka zambiri kumaononga mitsempha ya m'zala mpaka kuyera komweku. Agogo athu aja anabwera ndi Wenela kudzaboola miyala m'migodi ya golide kaya ndi angati anabwerera ku Malawi ndi zala zadzanzi osadziwa chifukwa. Lero achimwene ambiri ali pa konsitirakishoni, ena pa kawoshi manja m'madzi kuyambira 7 koloko, alongo athu akuchapa m'mayadi. Chala chikamayera chimodzichimodzi pozizira chijambuleni pa foni nthawi yomweyo mukaonetse kukiliniki, chifukwa pofika kumeneko chimakhala chabwerera kale mwakale.