Lachiwiri: laisensi ya galimoto ndili nayo, koma ya njinga yamoto ndayambira pa lena

Lero ndinalawirira ku Road Traffic pa Ginnery Corner, nkhani yake ya njinga yamoto. Kuntchito abweretsa ma Yamaha oti tiziyendera kumakalabu a alimi ku Chiradzulu ndi ku Thyolo poti mvula ikagwa misewu ina yakumudzi galimoto siidutsa, nde abwana ananeneratu kuti amene alibe code ya njinga pa laisensi yake makiyi asagwire nkomwe.

Anzanga ena muofesi amalimbikira kuti munthu woyendetsa galimoto njinga ndi nkhani yaying'ono, bola kadi ili m'thumba. Ayi ndithu. Code B ndi ya galimoto zing'onozing'ono zosaposa makilogalamu 3,500 basi, njinga yamoto ili ndi ma code akeake, A1 ya njinga za injini yosaposa 125cc ndi A ya zazikulu kuposa pamenepo. Apolisi apamsewu akakuimitsa uli panjinga ndi B yokha ndiwe munthu wopanda laisensi, ndipo ukachita ngozi a inshuwalansi akhoza kukana kulipira.

Mayi amene anandithandiza pawindo anandifunsa, "Bambo, mukufuna A1 kapena A?" Njinga zakuntchito ndi za 125 nde A1 ikanakwana, koma ndasankha A chifukwa mawa lino akabweretsa za 150 kapena ndikagula yangayanga sindikufuna kudzayambiranso, komanso wa A amaloledwa kukwera zing'onozing'onozo. Zinazo ndi zomwe mukuzidziwa kale, mzere, kudinda zala, kuyeza maso, kulipira. Chatsala ndi mayeso a Highway Code kuti lena (laisensi ya munthu wophunzira kuyendetsa) ituluke, kenako mayeso oyendetsa, akatero ndi pomwe amasindikiza kadi yatsopano yokhala ndi B ndi A pamodzi.

Masana ndinapita kusukulu yoyendetsa, mphunzitsi wake mnyamata wodekha bwino, ananditengera pabwalo lafumbi kuseri. Apa nde panali ntchito. M'galimoto kilachi ili kuphazi, giya kudzanja. Panjinga zonse zatembenuka, kilachi ili kudzanja lamanzere, giya ukuponda ndi phazi lamanzere, wani pansi zinazo kukokera m'mwamba ndi chala chakuphazi, dzanja lamanja likupotokola mafuta komanso lomwelo ndi la buleki yakutsogolo, buleki yakumbuyo ili kuphazi lamanja. Mutu umamva msanga koma thupi linazolowera zina. Iye amangoti, "Achimwene, kilachiyo musaitaye, isiyeni pang'onopang'ono mpaka mumve njinga ikufuna kunyamuka, pamenepo igwireni kaye." Ndipo zoona pali kamalo kena pomwe injini imasintha kaliridwe, handulo nkuyamba kukoka manja, ukapapeza pamenepo mtima umakhala m'malo.

Anandiikira mabotolo a madzi pamzere kuti ndizizungulira. Chomwe chandikhalira m'mutu ndi nkhani ya maso, akuti njinga imapita komwe ukuyang'ana, ukayang'anitsitsa botolo uligunda, yang'ana mpata womwe ukufuna kudutsa. Anandionetsanso yekha zomwe zimachitika ukafinya buleki yakutsogolo mwamphamvu pamchenga uku ukukhota, tayala limangoterereka nthawi yomweyo. Misewu yomwe ndizikayendamo ndi ya mchenga ndi matope yokhayokha, nde apa ndinamvetsera ndi makutu onse.

Pobwerera ndili mu minibasi ndimaona anyamata a kabaza akulowa pakati pa magalimoto, wina wanyamula mayi ndi mwana kumbuyo onse opanda chipewa, zinandikhudza kwambiri. Ambiri mwa iwo anaphunzitsidwa ndi mnzawo pabwalo la mpira, ndalama ya sukulu ndi laisensi kwa iwo ndi yambiri, sindikuwanyoza ayi akusaka ya ufa, koma zomwe ndamva lero za buleki ndi maso bwenzi aliyense wa iwo atauzidwako asananyamule munthu.

Dzanja lamanzere likuwawa ndi kilachi ija. Mawa ndidzera ku Limbe kukayang'ana chipewa chotseka mpaka kuchibwano ndi magolovesi, madzulo ndikhala pa Highway Code, makamaka zikwangwani.