Alamu awiri ndi golovesi imodzi

Lachinayi madzulo ndinapeza mwana wanga atakhala pamasitepe, nkhope ili khuma ngati wamva uthenga wa maliro. Pamiyendo pake panali golovesi yake ya baseball, chingwe chimodzi chili lende.

"Adadi, yaduka. Loweruka tili ndi gemu."

Chichewa cha mnyamata ameneyu chimatuluka akakhala pamavuto basi, choncho ndinadziwiratu kuti nkhaniyi ndi yaikulu.

Timakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene Amalawi tachuluka moti m'sitolo umatha kumva wina akukuwa "aise" kuseri kwa mashelefu. Ana athu obadwira kuno ali ndi mpira wawo. Ine ndinakulira ku Ndirande, mpira umene ndimaudziwa ndi wamapazi. Baseball ndaionera zaka zitatu, ngakhale ku Four Winds Field kumene imasewera timu ya South Bend Cubs ndafikako, koma mpaka lero ndimaomba m'manja ndikaona anzanga akuomba. Tsiku loyamba kugwira golovesi ndinailowetsa kudzanja lamanja n'kumadandaula kuti atigulitsa yolakwika. Mwana anachita kundilangiza kuti woponya ndi dzanja lamanja amaivala kumanzere.

Chingwe chimene chinadukacho chinali cha kaukonde kachikopa kamene kamakhala pakati pa chala chamanthu ndi chamkombaphala. Eni ake amati web. Pamenepo ndi pamene mpira umafikira, ndipo mpirawo si wamasewera: umalemera magalamu pafupifupi 145 ndipo ndi wolimba ngati mwala wa mu Mudi. Kaukondeko kakamasuka, chotsatira chake ndi mano a mwana wako.

Kochi anatiuza za mdala wina amene amakonza magolovesi m'galaja ya kunyumba kwake. Ndinamuimbira. Anati ali ndi ntchito yambiri, tidikire masabata awiri, kenako anatchula mtengo. Matenda athu kunoku mukuwadziwa: mtengowo ndinausintha m'mutu kukhala makwacha, makwachawo n'kuwasintha kukhala feteleza wa amayi kumudzi. Ndinathokoza mwaulemu n'kudula foni.

Ine amene ndinkaluka mpira wachikulunga wa majumbo umene unkatha mwezi osamasuka? Ine amene nsapato zanga zakusukulu ndinkasoka ndekha ndi sipoko ya njinga yonola pamwala? Ndilipire mzungu kuti alowetse chingwe m'mabowo amene alipo kale?

Lachisanu ndinakagula zipangizo: zingwe zachikopa, chilichonse chotalika mainchesi 72, pafupifupi mamita awiri, ndi singano yake. Mnyamata wam'sitolomo anandiuza zinthu ziwiri. Musanachotse kanthu jambulani zithunzi mbali zonse. Ndipo muzichotsa chingwe chimodzi, n'kulowetsa chatsopano motsatira njira ya chakalecho, musanakhudze china. Ndinagwedeza mutu ngati mmene timachitira kutchalitchi ulaliki ukatalika.

Usiku titadya ndinayala nyuzipepala patebulo. Mayi akunyumba anaima pakhomo la kukhitchini.

"Inu bambo ake, mwajambula zithunzi zija?"

"Chithunzi chili m'mutu muno."

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero, n'kupita kukagona.

Chingwe choduka chinali chimodzi. Koma nditayang'anitsitsa, zinazo zinkaoneka zotopa, zouma, zina zitayamba kung'aluka. Mmisiri weniweni sasiya ntchito theka. Ndinatenga sizasi n'kuyamba kudula: za m'zala, za pachikhatho, za m'munsi cha kumkono, zonse. Nditasolola chomaliza, golovesi ija inangoti phwasu patebulo ngati nkhuku yoti aiwambe. Kaukonde kaja kanagwera pansi pakokha. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti chinthuchi si chikopa chimodzi ayi, koma zikopa zingapo zimene zimangogwirizana chifukwa cha zingwe, ngati banja lina lililonse lokhalira ana. Mabowo ndinawawerenga katatu, katatu konse ndinapeza nambala yosiyana. Chithunzi cha m'mutu chija ndinachifufuza, ndinangopezamo chifunga.

Kenako singano. Theka la ola ndinakhala ndikuitembenuza kufuna diso lake, mpaka kuvala magalasi. Inalibe diso. Mlamu wanga, mchimwene wamng'ono wa mayi akunyumba amene tikukhala naye uku akuphunzira, anadzera kukhitchini kudzamwa madzi n'kuitenga m'manja mwanga.

"Alamu, imeneyitu ndi yapaipi. Mkatimu muli mazinga ngati a nati. Musongole nsonga ya chingwecho, kenako mupotokole ngati sikuluwu."

"Ndimadziwa. Ndimafuna ndione ngati sukulu ikukuthandizani."

Anaseka n'kukagona nayenso.

Chingwe chachikopa chili ndi mbali yosalala ndi yokhakhala, ndipo yosalalayo iyenera kuyang'ana kunja pa bowo lililonse. Changa chinkapotoka ngati njoka yopondedwa. M'munsi mwa golovesi singano imayenera kudutsa zikopa zingapo pamodzi ndi chofewa cha mkati, mabowo onse atalunjikana, ndipo mmodzi mwa iwo nthawi zonse amakhala atapita kokayenda. Pamalo ena chingwe chinakaniratu. Ndinachigwira ndi pulayala, golovesi ndaipana ndi mawondo, n'kukoka ndi mphamvu zonse za nsima ya madzulo aja. Chingwe chinaduka, chibakera changa chomwe n'kundipeza pamphuno. Ndinakhala kaye chete, misozi ikulengeza, kuyang'ana uku ndi uku ngati pali amene wandiona.

Cha m'ma 11 koloko ndinadzichepetsa n'kutsegula YouTube. Ndinapeza bambo wina wamawu ofatsa ngati namwino, ndipo ndinamutsatira bowo ndi bowo kwa ola lathunthu. Zinkayenda, kungoti paliponse pamene iye ankakhotera kumanja ine ndinkapezeka ndathera pachikopa chopanda bowo. Pamapeto pa kanemayo anaivala golovesi yake kudzanja lamanja. Inali ya amanzere. Ndinamasula zonse.

Pofufuza kanema wina ndinagwera pa mbiri imene sindinaifunse. Akuti m'zaka za m'ma 1870 osewera ambiri ankawakha mpira ndi manja okhaokha, ndipo ovala golovesi ankasekedwa kuti ndi amantha. Kaukonde kamene kamandizunzaka kanabwera cha mu 1920, pamene woponya mpira wa timu ya St. Louis Cardinals, Bill Doak, anapereka nzeru imeneyi ku kampani ya Rawlings. Munthuyo sindikumudziwa, anamwalira kalekale, koma usiku umenewo ndinamutchula dzina kangapo.

Itadutsa 2 koloko ntchito inatha. Pa kaukonde panatsala mabowo awiri opanda chingwe. Sindinade nkhawa. Aliyense amene anamasulapo wailesi amadziwa kuti pamatsala masikuluwu awiri ndipo wailesi imalirabe. Mfundo yomaliza ndinamanga imene agogo anandiphunzitsa yomangira mbuzi pachikhomo.

Vuto linali lakuti golovesi inauma gwa ngati chikopa cha ng'oma, osapindika n'komwe. Pali mafuta ake apadera amene amati uzipaka pang'ono chabe, kadontho pa kansalu. Ine ndinalibe. Koma pachitofu panali chiwaya chimene mayi anakazingiramo tilapia, amene kuno timadzinamiza kuti ndi chambo. Mafuta ndi mafuta. Ndinapaka mosaumira, mpaka m'zala. Ndiye ndinakumbukira kuti wina pa intaneti analemba kuti ukaiika mu uvuni mphindi zochepa imafewa. Ndinaiikamo, n'kukhala pa sofa kuti ndipumitse msana pang'ono.

Chimene chinandidzutsa ndi kachipangizo kapadenga kaja kokuwa kakamva utsi. Mafuta anali atadontha pansi pa uvuni, nyumba yonse ili tolo. Mayi akunyumba anatuluka chitenje chili m'khwapa.

"N'chiyani chikulira?"

"Ndi alamu!"

"Mchimwene wanga watani?"

"Osati alamu anga, alamu apadengawa!"

Nthawi yomweyo alamu anga enieni anatulukira atavala kabudula yekha, pasipoti ili m'manja, akukuwa kuposa anzawo apadengawo. Tinatsegula mawindo onse, ine ndikupukusa thaulo pansi pa alamu amodzi, mayi akutonthoza enawo. Golovesi sinapse. Inangoda, n'kulemera ngati njerwa yonyowa, fungo lake ngati pachiwaya cha mumsika wa Limbe. Koma inafewa, zimenezo asandilande.

Loweruka mwana anainunkhiza, n'kundiyang'ana, osanena kanthu. Kubwalo kagalu ka mayi wina kanayamba kumulondola kuchokera poimika magalimoto.

Tsikulo iye ndiye anali woponya. Chigawo choyamba ndi chachiwiri zinadutsa bwino, golovesi ikugwira mpira ngati ulimbo, ine chifuwa chili patsogolo. M'chigawo chachitatu mnyamata wa timu inayo anaumenya ndi chibonga chake, mpira n'kubwera chokwawa molunjika kwa mwana wanga. Anautola bwinobwino. Anapisa dzanja kuti auponyere mnzake wa ku first base, malo oyamba amene womenya amathamangira, ufike womenyayo asanafike, koma mpira osatuluka. Unali utalowa pa mpata wa mabowo awiri aja n'kukhazikika ngati wapeza kwawo. Womenyayo anali pa liwiro, ndipo kwa ana mtundawo ndi mamita 18 okha. Kochi akukuwa, makolo akukuwa, mwana akukoka. Kenako anangovula golovesi yonse n'kuiponya, mpira uli momwemo. Mnzake anaiwakha ndi manja awiri ngati akulandira khanda. Woyimbira anakweza chibakera: womenya uja watuluka!

Bwalo lonse linaimirira. Mdala wina wachipewa cha timu ya Chicago Cubs amene ndinakhala naye pafupi anandimenya paphewa, akuti zimenezi anaziona pa TV mu 2015, pamene woponya wa timuyo, Jon Lester, anaponyera mnzake Anthony Rizzo golovesi yonse chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti mwanayo ndi wanga, ndipo golovesiyo ndaikonza ndekha usiku wathawu. Ndinanena mokweza kuti a mzere wakumbuyo amve nawo.

Masewero anaima kuti achotse mpira. Anayamba kochi mmodzi, anabwera wachiwiri, wina kukoka golovesi wina kukankha ndi chala. Utatuluka unali kunyezimira. Woyimbira anautembenuza, anaununkhiza, n'kuutaya kunja. Malamulo salola woponya kukhala ndi mafuta kapena china chilichonse chopaka pa mpira. Anafunsa kuti golovesiyi yapakidwa chiyani, ndipo wapaka ndani. Mwana wanga, amene ndimamulipirira chilichonse, anatembenuka n'kuloza.

Mdala wachipewa uja anasendera uko pang'ono.

"Imirirani amisiri," anatero mayi akunyumba m'Chichewa chomveka bwino, "akufuna akuoneni."

Mwana anamaliza gemu ndi golovesi yobwereka.

Lolemba ndinapita kugalaja kuja. Mdalayo anailandira ndi zala ziwiri, anaiunika, ananunkhiza, n'kufunsa ngati inali nsomba yam'nyanja kapena yam'damu. Mtengo unakwera, chifukwa anayenera kuyamba wamasula ntchito yanga ndi kuyesa kuchotsa mafutawo. Sindinausinthenso kukhala makwacha. Atafika pa mfundo yomaliza ija analimbana nayo ndi zala, ndi pulayala, ndi kachitsulo kosongoka, osatheka. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti ndi mfundo yanji. Ndinamuuza kuti ndi yomangira mbuzi. Anaijambula pafoni yake, kenako anaidula ndi mpeni.

Patha miyezi iwiri tsopano. Golovesi ikugwira bwino ntchito, mabowo onse ali ndi zingwe. Kukatentha fungo lija limabwerera, ndipo kagalu kaja kamakhala kuseri kwa waya pafupi ndi benchi ya timu yathu, gemu iliyonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.