Invoice ya ku China inandiyendetsa masabata atatu

Ndalama zanga zalowa dzulo madzulo. Patha masabata asanu ndi limodzi chibwerereni ku msonkhano wa ku Xi'an, ndipo atatu mwa masabata amenewo anathera pa liwu limodzi la Chingerezi lomwe ndinkadzitama kuti ndimalidziwa kuyambira ku sekondale. Liwulo ndi invoice. Anzanga amene muli pasukulu kuno ku China, werengani izi musanakwere sitima.

Za kupempha chilolezo kwa aphunzitsi okuyang'anirani sindinenapo, aliyense akudziwa. Kuno umayamba walipira za m'thumba mwako, sukulu n'kudzakubwezera ukabwerako. Eni ake amati baoxiao. Ndisananyamuke ndinapita ku ofesi ya zachuma kukafunsa mapepala ofunika. Mayi a pawindo, omwe tonse timawaitana kuti laoshi, kutanthauza mphunzitsi, ngakhale saphunzitsa, anandichitira chifundo n'kundiyankha m'Chingerezi, poti Chitchaina changa n'chogulira mpunga basi. Anati: "Bring invoice. Hotel invoice, train invoice." Ine n'kugwedeza mutu ngati munthu wamva.

Kwa ine invoice ndi pepala lolemba zomwe wagwiritsa ntchito ndi ndalama zomwe uyenera kulipira. Choncho tsiku lotuluka muhotela ndinapempha pepala lotero. Anandisindikizira labwinobwino, dzina langa pamwamba, mausiku atatu, mtengo wake m'munsi. Mnyamata wa pakauntalayo anafunsanso kanthu kena mothamanga, ine ndinangomva "ma" wa kumapeto n'kuyankha "bu yong, xiexie", momwe ndimayankhira kusupamaketi akandifunsa za jumbo. Pano ndikudziwa chomwe anafunsa. Ankafunsa ngati ndikufuna fapiao. Ndinakana ndekha, ndi pakamwa pangapa, n'kuthokozanso.

Ofesi ija imalandira mapepala a baoxiao masiku awiri okha pa sabata, ndipo masana amatseka kukapuma. Ndinakhala pamzere m'mawa wonse. Nditafika, laoshi anayang'ana pepala la kuhotela lija kamodzi kokha n'kulikankhira kwa ine ndi chala chimodzi. "No invoice." Ndinalibweza n'kunena kuti nayi invoice. Iwo: "This no invoice." Ndinatulutsa foni kuwaonetsa pa Alipay kuti ndinalipira. Anapukusa mutu n'kuitana wotsatira. Ndinatuluka nditakwiya koopsa, mumtima ndikuti anthu awa akufuna kundiphunzitsa Chingerezi ine?

Amene anandimasula ndi mtsikana wa mu labu yathu, yemwe nthawi imeneyo ankakonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Pepala langa lija, anati, ndi shuidan, longoonetsa ndondomeko ya zomwe unagwiritsa ntchito kuhotela. Chomwe ofesi ikufuna ndi fapiao, lisiti la boma lomwe lili m'manja mwa bungwe la misonkho, State Taxation Administration. Wogulitsa akatulutsa fapiao ndiye kuti malondawo alowa m'kaundula wa msonkho, n'chifukwa chake ofesi siilandira china. Kwa ife a kumudzi, ganizirani kusiyana kwa lisiti la makina a MRA ndi kapepala kolemba pamanja pagolosale. Ndiye ananditsegulira dikishonale ya pafoni yake n'kulemba fapiao. Liwu loyamba kutuluka linali invoice. Laoshi sananame, ananena zomwe anaphunzitsidwa.

Apa ndi pomwe tinakhala ola lathunthu, ine mphunzitsi, iye wophunzira, ntchito ya mu labu itaima. Ndinamuuza kuti m'Chingerezi invoice imabwera ndalama zisanatuluke. Ndi wogulitsa akukuuza kuti ulipire: "Please pay this invoice within 30 days." Ukalipira amakupatsa receipt, komwe kunachokera lisiti lathuli, umboni woti ngongole yatha. Fapiao nthawi zambiri umaitenga utalipira kale, ndiye m'makutu mwa munthu wokulira Chingerezi ili pafupi ndi receipt. Koma ilinso ndi mbali ya msonkho yomwe imafanana ndi tax invoice ya m'mayiko a VAT, ndipo ndi mbali imeneyo yomwe olemba madikishonale anagwira. Iye anadandaula kuti receipt kwa iwo ndi shouju kapena xiaopiao, timapepala topanda mphamvu kuofesi, ndiye Mtchaina akamva receipt amaona kanthu kotaya m'bini. Mwaona pomwe tinkasemphana? Ine ndikati receipt ndikunena umboni wamphamvu, iye akumva zinyalala. Iye akati invoice akunena umboni wamphamvu, ine ndikumva ngongole.

Anandifunsa ngati invoice ikuchokera ku in ndi voice. Ayi ndithu, mawu a pakhosi mulibemo, liwuli linachokera ku Chifalansa, envoi, kutanthauza chotumizidwa, poti pepalalo linkapita limodzi ndi katundu. Limagwiranso ntchito ngati mneni, "We will invoice you", pomwe Chitchaina chimafuna mawu awiri, kai fapiao. Pa receipt tinalimbana ndi p uja, yemwe amalembedwa koma satchulidwa, iye n'kumangomutchulabe. Ankalisokonezanso ndi recipe, moti tsiku lina anandilembera kuti ndisataye recipe ya takisi. Ndinamuonetsanso "on receipt of your payment", pomwe liwulo silikunenanso pepala koma kulandira kwenikweniko, ndipo silitenga a kutsogolo. Receipts wochulukitsa nthawi zina amatanthauza ndalama zonse zomwe bizinesi yatolera. Za bill tinangodutsamo, poti kumalo odyera ku London ndi bill, ku New York ndi check, Atchaina amati zhangdan. Zonsezi analemba m'kope lake ndi cholembera chofiira.

Tibwerere ku mavuto anga. Tinaimbira hotela ija, mtsikana uja ndi amene ankalankhula. Anatitumizira QR code pa WeChat yoti tilembe zofunika, fapiao n'kubwera pa imelo tsiku lotsatira. Ndinasangalala msanga. Pamalo olemba taitou, lomwe ndi dzina la amene fapiao ikulembedwera, ndinali nditaika dzina langa. Ndinadikira tsiku la ofesi, mzere uja kachiwiri, chala chija kachiwiri. Taitou iyenera kukhala dzina lonse la yunivesite m'zilembo za Chitchaina, pamodzi ndi nambala yake ya msonkho ya zilembo 18. Chilembo chimodzi chikaphonyeka, bwerera. Ndipo fapiao yolakwika sangoifufuta, hotela imayenera kuibweza kaye m'makina a msonkho, amati hongchong, kenako n'kutulutsa ina. Wochita zimenezo kuhotelako anali patchuthi. Sabata ina inapita choncho.

Chonde, sungani dzina la sukulu ndi nambala ya msonkhoyo mufoni, ndipo pemphani fapiao musanachoke pamalo. Musanene invoice, musanene receipt. Nenani fapiao.

Ndaiwala za sitima. Tikiti ndinagula pa 12306, app yogulirapo matikiti a sitima, ndipo polowa ndinangoonetsa pasipoti, palibe pepala lomwe ndinagwira. Ofesi inkafuna kapepala ka baoxiao kotengedwa kusiteshoni, ndipo unkayenera kukatenga pasanathe masiku 180. Anzanga Achitchaina ankangoika chiphaso chawo pamakina, kapepala n'kutuluka. Makinawo pasipoti yanga sanaiwerenge. Ndinakaima pawindo la anthu, kumbuyo kwa agogo ena omwe ankasintha matikiti a banja lonse, ulendo wa metro kupita ndi kubwera, tsiku lonse n'kuthera pa timapepala tiwiri tosakwana chikhatho. Chomwe chikundipweteka n'choti kuyambira pa 1 November 2024 njanji inayamba kupereka fapiao ya pakompyuta kudzera pa 12306 pomwepo. Inu obwera kumene simudzaima pamzere umenewo, koma taitou ija ilembeni molondola.

Takisi nayo ili ndi zake. Pa Didi, app yoitanira takisi, fapiao umaipempha mu app momwemo, koma ofesi yathu inafunanso xingchengdan, pepala loonetsa komwe unakwera ndi komwe unatsikira. Ndipo shuidan ija yomwe anaikana poyamba anadzaifunanso, yomatidwa kumbuyo kwa fapiao ya hotela. Mwamwayi ndinali ndisanaing'ambe, ngakhale mtima unalipo. Timapepala tating'ono umatimata ndi guluu papepala lalikulu, mwadongosolo, osabisa manambala, aphunzitsi n'kusaina, iwenso n'kusaina.

Ulendo wachinayi laoshi anatembenuza mapepala onse mmodzimmodzi, osayankhula, n'kumenya chidindo chofiira. Ndiye anandiyang'ana n'kuti, "Invoice good." Ndinafuna kuwafotokozera zija za kulipira usanalipire, koma kumbuyo kwanga kunali anthu khumi ndi angapo. Ndinangoti xiexie laoshi.

Mtsikana uja anandipatsa kapepala koti ndimuonere, kalata yoyeserera ya mayeso yodandaula kusitolo. Analemba kuti "I have attached the receipt", molondola, ngakhale powerenga mokweza p uja anatulukabe. Ndinamulipira ndi tiyi wa mkaka chifukwa cha mafoni onse aja a kuhotela. Za roujiamo ndi Zakudya zina zomwe ndinadya m'misewu ya ku Xi'an masiku atatu aja, palibe ngakhale yuan imodzi yomwe yabwerera. Amayi ogulitsawo anali ndi QR code yolipirira yokha, itamatidwa pa chidebe.